Alick Macheso ndi Ife Ana a Matchona a ku Bindura

M'chaka cha 2000 ndinkagulitsa makaseti pakabenchi pafupi ndi pokwerera mabasi ku Bindura, tawuni ya migodi yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare. Ndidali ndi kawailesi ka mabatire koyeserapo kaseti kuti wogula amve kaye asanatulutse ndalama. Tsiku lina masana padafika mayi wina wachishona, wovala zooneka kuti ngwa muofesi. Adaloza kaseti yatsopano ya Alick Macheso yotchedwa Simbaradzo nandipempha kuti ndimuikire nyimbo ya Mundikumbuke. Nyimboyo itafika pakati, mayiyo adandiyang'anitsitsa n'kundifunsa m'Chishona ngati ndidali mmodzi wa anthu a ku Malawi aja. Adati ngati ndi choncho ndimuuze zomwe woyimbayo akunena.

Ndidayamba ndakhala chete. Ndidali ndi zaka 26, ndipo chiyambire ubwana wanga funso limenelo linkabwera ndi chipongwe kumbuyo kwake. Kusukulu anzathu ankatitcha mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale ambiri a ife sitidaupondepo mzindawo. Ena ankati mabwidi, dzina lomwe munthu sangakutchule akumwetulira. Choncho tidaphunzira kusiya Chichewa pachipata cha komboni ngati nsapato zamatope, n'kuchivalanso madzulo pobwerera kunyumba. Koma mayi uja sadali kunyoza. Ankafunadi kumva. Ndidabweza kaseti n'kumumasulira pang'onopang'ono, iye akugwedeza mutu. Adagula makaseti awiri. Aka kadali koyamba m'moyo wanga kuti munthu wa kunja kwa komboni andifunse za chinenero changa chifukwa chochifuna.

Nkhani ya Macheso imakambidwa kawirikawiri ngati ya mnyamata wosauka wa pafamu yemwe adasanduka mfumu ya nyimbo za sungura. Zimenezo n'zoona, koma n'zoperewera. Macheso ndi chipatso cha mbiri yaitali ya anthu omwe adachoka kumpoto kwa Zambezi kudzakumba miyala ndi kupalira fodya m'dera lino, ndipo kutchuka kwake kudafika m'chaka chomwe dziko lidatiuza poyera kuti sife eni ake. Ndikufuna kuzilemba zinthu ziwirizi pamodzi, chifukwa kwa ife zidachitika pamodzi.

Agogo anga aamuna adachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1940. Chidawanyamula ndi msonkho wa atsamunda, womwe unkafuna ndalama kumudzi komwe kudalibe pozipeza. Adayenda wapansi ndi anzawo kudutsa m'dziko la Apwitikizi, adawoloka Zambezi ku Tete, n'kulowa mu Southern Rhodesia. Anthu a nthawi imeneyo ena ankalowera ku Mutoko, ena ku Mount Darwin, ndipo njira ya ku Mount Darwin inkatsikira m'chigwa cha Mazowe, komwe kuli Bindura ndi Shamva. Padalinso malole a boma la Rhodesia onyamula anthu ofuna ntchito mosalipiritsa, omwe anthu adawatcha Ulere, komanso bungwe lolemba anthu ntchito lomwe kwathu linkadziwika kuti Mthandizi. Agogo ankati akapeza ndalama ya msonkho, njinga ndi bulangete abwerera. Sadabwerere. Kumudzi munthu wotere amatchedwa mtchona.

Dera lomwe adafikirali lidamangidwa pa migodi. Bindura idayamba ndi dzina la Kimberley Reefs, potengera mgodi wa golide womwe udatsegulidwa mu 1901, ndipo dzina la Bindura lidabwera mu 1913 njanji itafika. Chakum'mawa, pamtunda wa makilomita pafupifupi 30, kuli Shamva, komwe mgodi wa golide udali umodzi mwa ikuluikulu m'dziko lonse. Mu 1927 antchito pafupifupi 3,500 a pamgodi wa Shamva adanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, ndipo ambiri mwa iwo, kuphatikizapo atsogoleri awo, adali ochokera ku Nyasaland. M'zaka za m'ma 1960 kudatsegulidwa migodi ya nickel ya Trojan ndi Madziwa, kenako chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mgodi wa golide wa Freda Rebecca. Kuzungulira migodiyi kudali mafamu a azungu a fodya, chimanga, thonje ndi malalanje. Eni nthaka achishona ambiri adali ndi minda yawo kumidzi, ndipo ankapewa ntchito ya pansi pa nthaka ndi ya pafamu momwe akadathera. Mabwana adadalira anthu a ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia, omwe adalibe kothawira.

Umu ndi momwe komboni idabadwira, ndipo ine ndidabadwira m'komboni ya mgodi wina wa kuno mu 1974. M'mizere ya nyumba zofanana munkakhala Achewa, Ayao, Angoni, Atumbuka, Asena ndi Ansenga. Pansi pa mgodi akapitawo ankalamula m'Chilapalapa, koma pamwamba, pampopi, pamaliro ndi pabwalo la mpira, chinenero chokumanirapo chidali Chichewa. Lamlungu masana kunkatuluka gule wamkulu, yemwe Ashona amamutcha zvigure, ndipo Ayao ankavina beni atavala ngati asilikali. Ife anyamata tinkapanga mabanjo ndi zigubu za mafuta ophikira, thabwa ndi waya wa mabuleki a njinga. Mwana wa m'komboni ankatha kusowa nsapato, koma sankasowa ng'oma m'khutu.

Migodi ya Zimbabwe idalera magulu oyimba ambiri, chifukwa mabwana ankafuna kuti antchito amwere ndalama zawo m'holo ya pamgodi m'malo mopita kutali. Gulu la Hallelujah Chicken Run Band, momwe Thomas Mapfumo adayimbamo m'zaka za m'ma 1970, lidali la pamgodi wa kopa wa Mhangura. Devera Ngwena Jazz Band ya Jonah Moyo idakulira pamgodi wa Gaths ku Mashava. Nyimbo zomwe zidadzatchedwa sungura zidapeza malo okonzeka kale m'maholo amenewa. Chiyambi chake ndi mbale za nyimbo za ku Kenya ndi Tanzania komanso rumba ya ku Congo, zomwe zidafala kwambiri pomwe asilikali omenyera ufulu, ena mwa iwo ophunzitsidwa ku Tanzania, adabwerera kwawo mu 1980. Liwu lakuti sungura ndi la Chiswahili, ndipo limatanthauza kalulu. Lidali dzina lolembedwa pa mbale zina za ku Kenya, anthu n'kulitenga kukhala dzina la mayimbidwe onsewo. Anyamata a kuno adathamangitsa magitala aja, adaikamo mawu a Chishona, nyimbozo n'kukhala zakezake za Zimbabwe.

Tikayang'ana omwe adagwira ntchito imeneyi, ana a alendo achuluka modabwitsa. John Chibadura adabadwira ku Bindura konkuno mu 1957, makolo ake ali antchito ochokera ku Mozambique. Adayimba ndi Sungura Boys ya Ephraim Joe, kenako mu 1985 adayambitsa Tembo Brothers, ndipo adatchuka mpaka ku Mozambique komwe ankadzaza mabwalo. Nicholas Zakaria adabadwa mu 1956 pafamu ina ku Mazowe, m'banja lochokera ku Malawi. Daiton ndi Josphat Somanje a gulu la Pengaudzoke nawonso adali ana a pafamu a magazi a ku Malawi. Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka ana a matchona kadali gitala, pakuti munda adalibe, sukulu ya pafamu inkathera panjira, ndipo ntchito ya boma inkafuna mapepala omwe ambiri adalibe.

Alick Macheso adabadwa pa 10 June 1968 m'dera la Shamva, m'banja lochokera ku Malawi, ndipo adakulira pafamu. Adaphunzira kuyimba pa banjo yopanga yekha monga tinkachitira tonsefe, kusiyana kwake n'kwakuti iye sadaisiye. Mu 1983, ali ndi zaka 15, adapita ku Harare komwe adalowa gulu la Vuka Boys la Shepherd Chinyani. Kumeneko adakumana ndi Nicholas Zakaria, ndipo posakhalitsa adapezeka m'gulu la Khiama Boys, lomwe lidayamba mu 1984. M'gulumo mudadutsanso System Tazvida, yemwe mawu ake ndiwo ali m'nyimbo ya Mabhauwa. Macheso adakhala zaka zoposa 10 akuyimba besi kumbuyo kwa Zakaria, yemwe anthu adadzamupatsa dzina la Senior Lecturer chifukwa cha oyimba ambiri omwe adawasula. Khiama Boys inkaponyamo kale nyimbo za Chichewa apa ndi apo, ndipo m'komboni tinkazidziwa zonse, koma kunja zinkatengedwa ngati zokometsera chabe.

Macheso adachoka ku Khiama Boys mu 1997 n'kuyambitsa gulu lake, Orchestra Mberikwazvo, momwe mudalinso Zakaria Zakaria, mng'ono wake wa Nicholas. Chimbale choyamba, Magariro, chidatuluka mu 1998, chachiwiri, Vakiridzo, mu 1999. Nthawi imeneyo bwalo la sungura lidali ndi mipando yopanda anthu. Leonard Dembo adamwalira mu 1996, System Tazvida ndi John Chibadura adamwalira mu 1999. Anthu ankafunsana kuti atsala ndani. Yankho lidabwera mu 2000 ndi Simbaradzo, chimbale chomwe mpaka lero chimatchulidwa pakati pa zogulidwa kwambiri m'mbiri ya Zimbabwe. Pakabenchi kanga katoni ya makaseti amenewa inkatha tsiku lomwelo. Pambuyo pake padabwera Zvakanaka Zvakadaro mu 2001, Zvido Zvenyu Kunyanya mu 2003, Vapupuri Pupurai mu 2005 ndi Ndezvashe-eh mu 2007, ndipo kwa zaka zonsezo woyimba yekhayo yemwe anthu ankamuyerekeza naye adali Tongai Moyo wa ku Kwekwe, yemwe adamwalira mu 2011.

Chomwe Macheso adasintha chimamveka bwino munthu akadziwa momwe sungura imayendera. Magitala atatu amayankhulana. Yotsogolera imalira pamwamba ndi timawu tothamanga, yachiwiri imaluka pakati osapuma, ndipo besi imagwira pansi pamodzi ndi ng'oma. Kale woyimba besi ankaima kumbuyo, anthu osamudziwa ndi dzina lomwe. Macheso adaitenga besi n'kuiika kutsogolo. Amayimba ndi pakamwa uku zala zikuyendetsa besi njira yakeyake, chinthu chovuta ngati kusinja ndi dzanja limodzi uku lina likupeta. Nyimbo zake zambiri n'zazitali, zina zopitirira mphindi 10, ndipo zimakhala ndi zigawo. Chigawo choyamba ndi cha uthenga: ulemu kwa makolo, mavuto a m'banja, umasiye, nsanje ya abale, kulimbikira ntchito. Uthenga ukatha nyimbo imakhota, mawu amachepa, magitala amatsala okha, iye n'kumaitana anyamata ake mmodzimmodzi ndi mayina awo kuti aliyense aonetse zake. Kenako zonse zimatsika, besi n'kutsala yokha ikuyankhula. Pabwalo amatha kuikhwacha ndi chigongono, chibwano ngakhale phazi, anthu n'kumakuwa. Adabweretsanso Jonasi Kasamba wa ku Congo kuti azikolezera ovina ndi mfuu monga amachitira a rumba, ndipo pakati pa ovina ake padatchuka Franco Slomo.

Ine ndikamva besi ya Macheso ikutsatana ndi mapazi a ovina, khutu langa limabwerera ku bwalo la m'komboni Lamlungu masana. Pagule wamkulu pali ng'oma zogwira mayendedwe, monga mpanje, ndiye pali mbalule, yomwe woyimba wake amayang'ana mapazi a gule n'kumayankha phazi lililonse. Sindikunena kuti Macheso adakhala pansi n'kukopera mbalule. Ndikunena kuti mwana wokulira pafamu ya ku Shamva adamva kuyambira ali kumsana kuti chida cha mawu akuya chikhoza kutsogolera gule, ndipo atapatsidwa besi sadaone chifukwa choimira kumbuyo. Kavinidwe komwe adatchukitsa, ka Borrowdale, kamatsanzira kuthamanga kwa hatchi, ndipo dzina lake ndi la bwalo la mpikisano wa mahatchi lomwe lili kudera la anthu olemera ku Harare. Anthu omwe ku Borrowdale ankangopitako kukatchetcha kapinga ndi kuchapa zovala adalitenga dzinalo n'kulivina m'fumbi.

Tisaiwale kuti sungura inkanyozedwa. Ophunzira a m'tawuni ankati ndi nyimbo za antchito a pafamu, za m'mabala ndi za m'mabasi a kumudzi. Iwo ankatsegula Radio 3 kumvera za ku America, sungura n'kumalira pa Radio 2. Kunyoza nyimbozo ndi kunyoza ife kudali chinthu chimodzi. N'chifukwa chake zomwe zidachitika mu 2000 zidatidabwitsa. Nyimbo yomwe dzina lake ndi mawu ake ndi Chichewa idalira m'makombi, m'masitolo, pa maukwati a Ashona ndi m'magalimoto a mabwana. Ana a sukulu omwe dzulo lake ankatiseka adayamba kutafuna mawu athu, molakwitsa koma mosanyoza. Mu 2001 boma lidakhazikitsa lamulo lakuti magawo 75 pa 100 alionse a nyimbo za pawailesi zikhale za m'dziko momwemo, ndipo sungura idapeza mpata wokulirapo. Koma Simbaradzo idali itagonjetsa kale dziko lamulolo lisanabwere.

Chaka chomwecho cha 2000 chili ndi nkhope ina. Mu February anthu adakana malamulo atsopano oyendetsera dziko pa referendamu, ndipo masabata otsatira kulanda mafamu a azungu kudayamba. Nkhani ya nthaka idali yoona, pakuti atsamunda adalanda minda yabwino ndipo zaka 20 za ufulu zidali zisanabweze yambiri. Koma pamafamupo pankakhala antchito zikwi mazanamazana, ambiri mwa iwo ana ndi adzukulu a anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo pogawa minda ochepa okha ndiwo adaganiziridwa. Ankawaganizira kuti ali kumbali ya azungu ndi chipani chotsutsa cha MDC. Pamsonkhano wa ndale womwe udachitikira ku Bindura konkuno chaka chimenecho, Pulezidenti Robert Mugabe adanyoza anthu a ku Mbare, dera lakale la Harare komwe kuli mbumba yambiri ya alendo, kuti ndi anthu opanda mutupo. Ine kumsonkhanoko sindidapite, koma mawuwo adatipeza m'komboni.

Mutupo kwa Ashona uli ngati chiwongo kwa ife. Munthu akakupatsa moni mwaulemu amakutchula ndi mutupo wako, ndipo pamaliro ndi paukwati ndiwo umalongosola kuti ndiwe yani. Kunena kuti munthu alibe mutupo ndi kunena kuti alibe kwawo, alibe makolo, adangophuka ngati bowa. Bambo anga atamva adaseka kowawa. Adati, "Mwana wanga, ife a Phiri tidayamba liti kusowa chiwongo? A Banda, a Mwale, a Mbewe, a Nkhoma, onsewa ndi mitengo?" Komabe ambiri a ife a Phiri tikafunsidwa mutupo tinkangoyankha kuti ndife a Soko, kuti nkhani ithe msanga.

Mawu aja adatsatidwa ndi lamulo. Mu 2001 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la unzika. Aliyense yemwe akadatha kukhala mzika ya dziko lina kudzera mwa makolo ake adapatsidwa miyezi 6 kuti akakane unzika winawo motsata malamulo a dziko limenelo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Taganizani munthu wobadwira m'komboni, yemwe Malawi amangomumva m'nthano za agogo, akuuzidwa kuti akakane unzika womwe sadakhalepo nawo, ku ofesi ya kazembe ku Harare, ndi ndalama zomwe alibe. Ambiri sadamve n'komwe kuti lamulolo lilipo. Pachitupa cha bambo anga ndi changa padali liwu la Chingerezi lakuti alien, kutanthauza mlendo. Pachisankho cha pulezidenti cha mu March 2002 ndidaima pamzere kuyambira m'mamawa, ndipo nditafika kutsogolo adandibweza. Pobwerera ndidadutsa pa bala ina pomwe Macheso ankalira mokweza, anthu a zala za inki akuvina Borrowdale.

Miyezi yomweyo azakhali anga adafika kwathu ndi ana anayi, mphika, mphasa ndi nkhuku ziwiri. Famu yomwe adabadwirapo m'chigwa cha Mazowe idali italandidwa, ndipo eni atsopano adawauza kuti azipita kwawo. Azakhali adafunsa kuti kwawo n'kuti, poti manda a amayi awo ali kuseri kwa mashedi a fodya a pafamu pomwepo. Patapita zaka zochepa bambo nawonso adapuma ntchito, ndipo nyumba ya m'komboni idayenera kubwezedwa, pakuti nyumba ya mgodi ndi ya mgodi. Anzawo achishona akapuma ankakweza katundu pa lole kupita kumudzi kwawo. Ife tidakachita lendi zipinda ziwiri ku Chipadze. M'zipinda zimenezo, madzulo magetsi atazima, bambo ankandiuza kuti, "Taika kaseti ya mwana wa kwathu ija." Sankavina. Ankangokhala pampando manja ali pamaondo. Liwu limodzi lija la pa dzina la nyimbo lidali lokwanira kwa munthu yemwe abambo ake adachoka ku Dedza akulonjeza kuti abwera, ndipo mwina kumudziko padalibenso wowakumbuka.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, kuopa kumuveka Macheso chipewa chomwe sadadzisokere. Iye sadakhale woyimba wa ndale ngati Thomas Mapfumo, yemwe adadzudzula boma poyera mpaka kusamukira ku America. Sadayimbe za chitupa chathu kapena za antchito othamangitsidwa pamafamu. Nyimbo zake zambiri ndi za Chishona, ndipo Chichewa, Chisena ndi zinenero zina zimalowamo mwa apo ndi apo. Alipo anzanga omwe amati adatikhumudwitsa, kuti munthu wa mawu omveka chotero akadatiyankhulira. Ndimawamvetsa. Koma ndimakumbukiranso momwe zinthu zidalili ku Mashonaland Central zaka zimenezo, pomwe munthu ankamenyedwa chifukwa cha nyuzipepala yomwe wanyamula. Chomwe Macheso adachita n'chakuti sadabise. Pa nthawi yomwe ambiri a ife tinkasintha mayina ndi kubwereka mitupo, iye adaima pamaso pa dziko lonse n'kuyimba m'chinenero cha m'komboni ngati kuti n'chinthu wamba, chosafuna kupepesa. Ndipo dziko lidavina.

Maiko ena adaona zofanana ndi zimenezi. Ku France, mmodzi mwa oyimba ndi opeka nyimbo otchuka koposa, Charles Aznavour, adabadwira ku Paris mu 1924 kwa makolo othawa kwawo a mtundu wa ku Armenia. Adayimba m'Chifalansa kwa zaka zoposa 70, ndipo atamwalira mu October 2018 boma lidamuchitira mwambo wa ulemu wa dziko lonse ku Les Invalides, Pulezidenti Emmanuel Macron ali pomwepo. Mwana wa mlendo adasanduka mawu a dziko lomwe lidalandira makolo ake. Kusiyana kwake n'kwakuti Aznavour adakwera ndi chinenero cha eni dziko, pomwe Macheso, panyimbo yomwe idamukweza pamwamba penipeni, adapangitsa eni dziko kuyimba chinenero cha alendo. Koma ku France konko ana a alendo ambiri amadandaulabe za tsankho mpaka lero. Kukonda woyimba n'kosavuta kusiyana ndi kulandira anthu a kwawo kwa woyimbayo. Ife tidaziona ndi maso: munthu yemweyo ankatha kugula kaseti kwa ine m'mawa, madzulo n'kukauza azakhali anga kuti achoke pafamu.

Zinthu zidasintha pa pepala mu 2013. Malamulo atsopano oyendetsera dziko adavomereza zinenero 16, ndipo pamndandandawo, womwe udatsata alifabeti, Chichewa ndicho chili poyamba. Adanenanso kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, yemwe kholo lake lidali mzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye akukhala m'dzikomo, ndi mzika mwa kubadwa. Sindinganene kuti nyimbo ndiyo idalemba ndime zimenezo. Adazimenyera ndi anthu a mabungwe, maloya ndi andale. Koma ndimakhulupirira kuti pofika 2013 kudali kovuta kuti Mzimbabwe aliyense anene kuti sadziwa kuti m'dziko lake muli Achewa, pomwe kwa zaka 13 adali akuvina nyimbo zawo. Ine ndidasintha chitupa changa chisankho cha 2018 chisanachitike, ndipo ndidavota koyamba ndili ndi zaka 44. Bambo sadafikepo. Adamwalira mu 2011 ali alien, m'dziko lomwe adabadwiramo ndi kulikumbira miyala zaka zoposa 30.

Mu 2014 ndidapita ku Dedza koyamba, kukafuna mudzi wa agogo. Ndidaupeza, ndipo gogo wina wokalamba kwambiri adakumbukira dzina lawo, nati amayi awo adamwalira akuyang'anabe kunjira. Adandilandira bwino, adandiphera nkhuku. Koma nditayamba kuyankhula, ana adabisa nkhope akuseka. Chichewa changa chidali chodzaza Chishona ndi mawu akale omwe kumeneko adasiya kalekale. Mnyamata wina adati ndikuyankhula ngati nyimbo za Macheso. Iye ankaseka, koma ine ndidanyada. Chichewa cha Macheso si cha pa MBC kapena cha m'mabuku a sukulu a ku Malawi. Ndi cha ku Shamva, Trojan, Mazowe ndi Mbare, chomwe chidayenda wapansi kuwoloka Zambezi n'kukhala zaka 100 pakati pa zinenero zina. Ku Zimbabwe tidali a ku Malawi, ku Malawi ndidali wa ku Halale. Malo okhawo omwe Chichewa chathuchi chidalembedwa momwe chilili ndi m'makaseti aja.

Ichi ndicho chimandidetsa nkhawa tsopano. Makomboni omwe ankasunga chinenerochi akutha. Mafamu adagawidwa, migodi ina idatsekedwa, ina imatseka ndi kutsegula malinga ndi mtengo wa miyala kunja, ndipo anyamata athu ambiri ali m'maenje a golide a m'tchire kapena ku Joni. Ana anga amamva Chichewa koma amandiyankha m'Chishona, ndipo nyimbo zawo ndi Zimdancehall. Macheso akuyimbabe. Adatulutsa Tsoka Dzerwendo mu 2016, Dzinosvitsa Kure mu 2018 ndi Tinosvitswa Nashe mu 2022, ndipo bungwe la Red Cross la Zimbabwe lidamusankha kukhala kazembe wake wa ntchito zachifundo. Palibenso yemwe amamutcha mubhurandaya. Ndi wa dziko lonse, ndipo sindikufuna kumulanda kwa Azimbabwe, pakuti mfundo yanga ndi yomweyo, yakuti ifenso ndife Azimbabwe. Chomwe ndikupempha n'chakuti olemba mbiri ya sungura asamayambire ku situdiyo za ku Harare. Ayambire m'komboni, pa banjo ya chigubu, ndipo atchule kuti anthu a mmenemo adachokera kuti ndipo adalipira chiyani.

Kabenchi ka makaseti ndidakasiya kalekale, pomwe ma CD okopera ndi mafoni adapha malondawo. Ndidasungako kaseti imodzi ya Simbaradzo, yomwe bambo ankaikonda ija. Ili m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi chitupa chawo chachitsulo ndi nambala yawo ya kumgodi. Wailesi yoti n'kuiyimbira ndilibenso. Mwana wanga wamkazi wamng'ono adachipeza chitinicho chaka chatha n'kundifunsa kuti liwu la pachitupa cha agogo ake limatanthauza chiyani. Ndidamuuza kuti akhale pansi, ndipo ndidayambira ku Dedza. Ndidamufotokozera m'Chichewa, ndipo pomwe sadamve ndidabwereza m'Chichewa momwemo.